Bondo la wakabaza: lipoti la kung'ambika kwa meniscus, opaleshoni ndi kubwerera pa njinga

Lipoti ili ndi la bambo wa zaka 31, wakabaza, wa m'mudzi wina kufupi ndi msewu wa M1 pakati pa Ngabu ndi Bangula. Ine ndine wa mafizo pa chipatala china kuno ku Chigwa cha Shire, ndipo ndinawathandiza kuyambira pamene anafika bondo litakana kuwongoka mpaka pamene anayambiranso kunyamula anthu. Anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe, koma dzina ndi mudzi sinditchula. Ndalembera anzanga a m'zipatala za maboma komanso akabaza eni ake. Malangizo a bondo amene timawerenga m'mabuku analembedwa poganizira munthu wolandira malipiro ali gone, wokhala ndi chimbudzi chokhalira ndi njinga ya magiya. Bambo awa analibe ngakhale chimodzi mwa zitatuzi.

Mmene anavulalira

Munali mu Ogasiti. Ananyamula matumba awiri a chimanga, lililonse la makilogalamu 50, ndipo ankadutsa pa khwawa louma. Chichitikireni madzi osefukira a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, tinjira tambiri ta kuno tili ndi mchenga pamene kale panali nthaka yolimba. Tayala lakutsogolo linatitimira, njinga n'kupendekera kumanja, iwo n'kuponda pansi mwamphamvu kuti katundu asagwe. Phazi linakanirira mumchenga bondo lili chipindire, thupi n'kupotokera komwe matumba ankagwera. Akuti anamva china chake chikulira mkati mwa bondo. Sanagwe, ndipo njingayo anaikankha okha mpaka kwa mwini chimanga.

Kutupa kunaoneka m'mawa mwake. Mfundo imeneyi ndimaifunsa nthawi zonse, chifukwa bondo lotupa pasanathe maola awiri nthawi zambiri limakhala kuti mwalowa magazi, monga zimakhalira mtsempha wa mkati mwa bondo wotchedwa ACL ukaduka kapena fupa likathyoka. Lotupa pang'onopang'ono usiku wonse limaloza kwambiri ku meniscus, kachicherewechere ka mkati mwa bondo.

Anakhala milungu itatu pakhomo. Ankamwa indosidi wogula pa golosale, mayi a kunyumba n'kumawathowa ndi madzi otentha, kenako malume awo anawatengera kokatema mphini. Chinawabweretsa kwa ife si ululu ayi, koma kuti mwendo unkakana kufika pansi pa pedulo.

Zimene ndinapeza

Analowa akuyendera zala, chidendene chosagunda pansi. Atagona chagada, bondo lamanja linkaperewera madigiri 20 kuti liwongoke, ndipo ndikalikanikiza pang'ono linkabwerera lokha, kusonyeza kuti pali chopinga mkati. Kupinda linkafika madigiri 100. Munali madzi ndithu. Nditadina ndi chala pampata wa pakati pa fupa la ntchafu ndi la msongolo, mbali yamkati, anadzidzimuka n'kundigwira dzanja. Ntchafu yamanja inali itachepa kale ndi masentimita awiri poyerekeza ndi yamanzere. Poyeza ACL ndi njira ya Lachman bondo silinasewere, ndipo mitsempha ya m'mbali inali yolimba. Njira ya McMurray, yoyezera meniscus, sinatheke bwino chifukwa bondo silinkapinda mokwanira. Pa mphini zimene anatemedwa mozungulira bondo, zitatu zinali ndi mafinya.

X-ray sinaonetse chilichonse, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amatayikira. Munthu akamva kuti "mafupa ali bwinobwino" amanyamuka wakumudzi ndi panado, pamene chovulalacho si fupa. M'bondo lililonse muli tizicherewechere tiwiri tooneka ngati chilembo cha C, kena mbali yamkati kena yakunja, totchedwa meniscus. Ntchito yake ndi ya nkhata: katundu wa thupi asakhudze fupa pamalo amodzi, koma amwazikane. Munthu akaima chilili, pafupifupi theka la kulemera kodutsa m'bondo limadzera pamenepo, ndipo akanjuta kulemerako kumachuluka, makamaka chakumbuyo kwake. X-ray siionetsa zimenezi. Kwa bambo awa zizindikiro zonse zinkaloza kuti meniscus yamkati yang'ambika mlitali, chidutswacho chili chigwirire mbali zonse ziwiri, n'kupindikira pakati pa bondo. Madokotala a mafupa amati bucket-handle tear. Bondo lotere silitseguka ndi mankhwala kapena kuthowa, ndipo kulikakamiza kuti liwongoke kumangowonjezera kung'ambika.

Tinagwirizana ndi clinical officer wa mafupa kuti atumizidwe ku Blantyre msanga. Komabe mabala a mphini anayenera kuyamba apola, chifukwa palibe dokotala angaboole bondo podutsa pakhungu la mafinya. Milungu iwiri inathera pamenepo. Malumewo sindinawakalipire. Ankafuna kuthandiza mphwawo ndi zimene amadziwa. Ndinangowafotokozera kuti pa bondo lotupa khungu lisamatemedwe, ndipo anamvetsa.

Kusoka kapena kudula

Dokotala wa ku Blantyre ataona mmene bondo linakanira kuwongoka anati zizindikiro zakwana, kujambula ndi makina a MRI, amene amaonetsa meniscus, sikusintha chochita. Anawauza njira ziwiri. Yoyamba, kudula chidutswa chong'ambikacho n'kuchichotsa: munthu amaponda tsiku lomwelo ndipo pakatha milungu ngati isanu ndi umodzi amakhala ali pa njinga. Yachiwiri, kuchibwezera m'malo mwake n'kuchisoka: ndodo, chomangira bondo, ndi miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi asanayambe ntchito yolemetsa.

Atabwera anandifunsa mosapita m'mbali: "Adokotala, osangochotsa chowonongekacho bwanji, ine ndikagwire ntchito? Ana adya chiyani miyezi yonseyo?"

Funso limeneli si laumbuli. Ndinawauza mmene ndikuonera. Kale madokotala ankachotsa meniscus yonse poganiza kuti ilibe ntchito, koma mu 1948 dokotala wa ku Britain, Fairbank, anasonyeza mmene mawondo oterowo amaperesekera m'kupita kwa zaka. Pa kung'ambika kwa mtundu wawowu, chidutswa chochotsedwa chimakhala chachikulu. Munthu wa zaka 31 wopalasa ndi katundu tsiku ndi tsiku, akamadzafika zaka 45 bondo likhoza kudzakhala litatha ndi nyamakazi, ndipo kuika bondo lachitsulo si chinthu chimene wakabaza wa kuno angachiyembekezere. Ndinawauzanso kuipa kwa kusoka. Magazi amafika m'mphepete mwa meniscus mokha, chakunja, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Mkati mwake ndi mouma, ndiye posokapo sipagwira mwa aliyense. Mwa anthu anayi kapena asanu osokedwa, mmodzi amadzafunikanso opaleshoni ina.

Apa ndiikepo chenjezo kwa anzanga, kuopa kuti tingayambe kutumiza aliyense wodandaula bondo. Bambo wa zaka 55 amene bondo lakhala likumuwawa pang'onopang'ono popanda ngozi, ndipo likuwongoka bwinobwino, nkhani yake ndi ina. Kafukufuku wa ku Finland wofalitsidwa mu 2013 anapeza kuti mwa anthu otere, odulidwa meniscus sanapeze bwino kuposa amene anangowachita opaleshoni yoyerekezera. Amenewo mankhwala awo oyamba ndi mafizo. Wofunika kuthamanga naye ndi wa bondo lokana kuwongoka.

Asanasankhe, ndinapempha kuti abwere ndi mayi a kunyumba ndi achimwene awo aakulu, amene amagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo. Tinakhala pansi n'kuwerengera miyezi. Opaleshoni ikachitika mu Okutobala, miyezi yoletsedwa kugwira ntchito idzafika mpaka mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha. Anagwirizana zogulitsa ng'ombe imodzi ya banja kuti alipirire chipatala ndi maulendo. Njinga anati aibwereketse kwa mnyamata wina wa pasiteji, azipereka kangachepe madzulo alionse. Mayi anati atenga ngongole ku banki mkhonde n'kuyamba kugulitsa mandasi. Tcheyamani wa siteji analonjeza kuwasungira malo. Kwa ine kukambirana kumeneku ndi gawo la chithandizo, chimodzimodzi ulusi wa dokotala. Kusoka meniscus ya munthu amene sakudziwa kuti adya chiyani mwezi wachitatu ndi kuwononga ng'ombe ija pachabe. Anasankha kusoka.

Opaleshoni ndi milungu yoyamba

Anawabaya jekeseni wa pamsana, n'kuboola timabowo tiwiri kutsogolo kwa bondo, kena kolowetsera kamera kena ka zipangizo. Anapeza zimene tinkaganiza zija: meniscus yamkati yong'ambika mlitali pafupi ndi m'mphepete mofika magazi, ACL yabwinobwino, chicherewechere chokuta mafupa chosalala. Anabwezera chidutswacho n'kusoka. Malangizo a dokotala anali akuti chomangira chizikhala chowongoka poyenda, ndodo ziwiri, osapinda kupitirira madigiri 90 kwa milungu isanu ndi umodzi, osanjuta kapena kupotola bondo kwa miyezi inayi. Madokotala amasiyana pang'ono pa manambalawa malinga ndi mmene anasokera, choncho wa mafizo azitsata za amene anaona mkatimo.

Pobwerera analipira mipando iwiri mu minibasi kuti mwendo utambalale, ndipo anati makona a phiri lotsikira ku Thabwa anawamva onse m'bondo.

Pa malangizo onsewa, lovuta kwambiri kuno ndi la kunjuta. Chimbudzi cha pakhomo pawo ndi chokumba. Munthu woletsedwa kupinda kupitirira madigiri 90 atani m'mawa uliwonse? Tikapanda kufunsa, wodwala sanena, amachita manyazi, ndipo amanjuta basi. Kalipentala wa m'mudzimo anaboola pakati mpando wathabwa, n'kuuwonjezera miyendo kuti ukhale wautali kufika pamwamba pa bondo, ndipo pakhoma anakhomapo mtengo wogwirira. Kugona ankagona pamphasa, ndiye podzuka ankayamba apinda mwendo wodwalawo pansi pa thupi. Achimwene awo anabweretsa bedi. Posamba ankakhalira mpando womwe uja. Zinthu zitatuzi ndinazilemba m'kabuku ka kuchipatala pamodzi ndi mankhwala, kuti aliyense wowaona azizifunsa.

Mafizo a milungu yoyamba anali ochepa koma a tsiku ndi tsiku. Kulimbitsa ntchafu mwendo uli chitambalale, kukanikiza kumbuyo kwa bondo pansi n'kuwerenga mpaka khumi. Kuika chidendene pa chitenje chopindapinda kuti bondo lilendewere n'kuwongoka lokha. Kukweza mwendo wonse uli wowongoka. Kukoka chidendene pamphasa atavala jumbo kuphazi kuti liziterera, n'kuima pa mzere umene ndinawajambulira ndi khala. Kusuntha mbale ya bondo ndi zala. Ayezi kumudzi kulibe, choncho ankaika nsalu yonyowetsa ndi madzi a mumtsuko, mwendo atausanjika pamwamba. Tinathera nthawi yaitali pa ntchafu, pakuti bondo likakhala ndi madzi mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu umafooka wokha, ngakhale mwini afune kuulimbitsa. Tsiku loyamba ankayang'ana ntchafu yawo, nkhope ili thukuta, mnofu osagwedezeka n'komwe. Ndinawauza kuti aike dzanja pa ntchafu yabwinoyo, alimbitse zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo pang'onopang'ono mbale ya bondo inayamba kukwera.

Indosidi ndinawaletsa. Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, munthu amatha madzi m'thupi, ndipo mankhwala a mtundu umenewu, pamodzi ndi bulufeni ndi diclofenac, akamwedwa nthawi yaitali amapweteka impso ndi m'mimba. Panado anakwanira.

Mlungu wachiwiri anatentha thupi. Mayi anaimba foni n'kunena kuti, "Ndi malungo chabe adokotala, tigula mankhwala konkuno." Ndinawauza kuti abwere nawo tsiku lomwelo. Munthu wongochitidwa kumene opaleshoni ya bondo akatentha thupi, bondolo lionedwe kaye, chifukwa mafinya a mkati mwa bondo amawononga chicherewechere m'masiku ochepa. Bondo silinali lotentha, mabala anali ouma, katumba sanali wotupa kapena wowawa, ndipo magazi anaonetsadi malungo. Analandira LA n'kuchira.

Kubwerera pa chishalo

Milungu isanu ndi umodzi itakwana, bondo linkawongoka lonse ndipo dokotala analola kusiya chomangira. Ndodo anasiya imodzi kaye, kenako inayo. Kuti pedulo izungulire yonse, bondo limafunika kupinda madigiri pafupifupi 110, ndipo anafikapo mlungu wachisanu ndi chitatu. Njinga ya mafizo ili kuchipatala, kutali ndi kwawo, choncho tinagwiritsa ntchito njinga yakale ya apongozi awo. Wowotcherera anailimbitsira sitandi kuti tayala lakumbuyo lizizungulira m'malere, ndipo anaiimika pakati pa nsanamira ziwiri za khonde. Poyamba ankangoyendetsa pedulo kutsogolo ndi kumbuyo, theka lokha. Kenako anayamba kuzunguliza chobwerera m'mbuyo, chifukwa kumakhala kopepuka, ndipo pamapeto pake chakutsogolo, mphindi zisanu, khumi, mpaka makumi awiri.

Nditaona njinga yawo yeniyeni ya ntchito ndinamvetsa zambiri. Chishalo chinali chotsitsidwa mpaka pansi, monga amachitira akabaza ambiri kuti mapazi onse awiri azifika pansi akaima ndi kasitomala. Pedulo yakumanja inali chitsulo chokhachokha, mphira unatha kalekale, ndipo ankapalasa ndi patapata, kuponda ndi pakati pa phazi. Chishalo chotsika chimachititsa kuti bondo lizikankha lili lopinda kwambiri, pomwe meniscus imapanikizika chakumbuyo, malo omwe anasokedwa aja. Tinakweza chishalo mpaka pamene chidendene chikakhala pa pedulo ya pansi mwendo umawongoka. Akaponda ndi kutsogolo kwa phazi, bondo limatsala lopinda pang'ono, madigiri 25 mpaka 35. Anakana poyamba. "Nanga ndikaima ndi mayi woyembekezera kumbuyo, ndiponda bwanji pansi?" Ananena zoona. Tinaphunzira kuima kwina: kugwira mabuleki, kutsetsereka kutsogolo kwa chishalo, n'kuponda ndi mwendo wamanzere. Ponyamuka, kuyamba ndi mwendo wamanzere womwewo, chifukwa pa njinga yopanda magiya kupalasa koyamba ndi kumene kumalemera kwambiri. Anagulanso mapedulo atsopano ndi nsapato zomanga.

Chigwa chathu chili ndi ubwino umodzi kwa bondo lochira: n'chathyathyathya, zitunda kulibe. Adani ake ndi mchenga nthawi ya chilimwe ndi makande nthawi ya dzinja. Dothi limeneli likanyowa limamata ku matayala mpaka kutseka madigadi, ndipo phazi likaterereka bondo limapotoka ngati tsiku lija. Ndinawalola kupalasa okha pa tala m'mamawa kusanatenthe, osanyamula kanthu.

Mlungu wa 12, m'kati mwa Januwale, anabwera bondo litatupanso. Anayamba anena kuti sakudziwa chachitika. Mayi ndi amene anaulula. Mnyamata wobwereka njinga uja anasiya kupereka ndalama, mandasi sankayenda malonda chifukwa anthu analibe ndalama, ufa unatha, ndipo bambowo analanda njinga yawo n'kukagwira ntchito masiku atatu a msika. Anakhala chete ataweramitsa mutu, kudikira kukalipiridwa. Sindinaone chowakalipira. Ndinayeza bondo: linkawongoka lonse, silinkakodwa, ululu wa pampata uja unali wochepa. Posokapo panaoneka kuti sipanamasuke, bondo linangolemedwa nthawi isanakwane. Tinabwerera m'mbuyo milungu iwiri, ku njinga ya pakhonde ndi nsalu yonyowa. Koma kutupako sikukanatha ndi nsalu yokha ufa kulibe. Ndinapempha achimwene awo ndi tcheyamani wa siteji kuti tikumanenso. Njinga inapatsidwa kwa mlamu wawo wodalirika, ndipo anzawo a pasiteji anawapatsa ntchito yokhala pansi pa mtengo, kumata machubu, kupopa ndi kumanga masipoko. Ndalama zake zinali zochepa, koma moto unkayaka pakhomo, ndipo sanabwererenso pamsewu mobisa.

Kuyambira pamenepo ndinawapatsa chingwe. Tinachizunguliza pa bondo, pakati pa mbale, n'kumanga mfundo pamene chinakumana tsiku limene bondo linali losatupa. M'mawa uliwonse asanaponde pansi ankayeza. Mfundo ikakumana, apitirize. Ikaperewera, dzulo anapyola muyeso, ndipo abwerere pa zimene ankachita mlungu wapitawo. Njirayi inawathandiza kuposa kuwafunsa za ululu, chifukwa bambo wa ana atatu wofuna kubwerera pantchito sanena kuti kukuwawa.

Mwezi wachinayi utatha tinawonjezera zolimbitsa: kukhala ndi kudzuka pa mpando popanda kugwira, kukwera pa njerwa ziwiri ndi mwendo umodzi, kuima ndi mwendo umodzi pamchenga, kukweza chiuno atagona chagada. Anthu amadabwa kuti wopalasa tsiku lonse angakhale ndi mwendo wofooka, koma njinga siiphunzitsa mwendo kugwira thupi likapendekeka mwadzidzidzi, ndipo pamenepo ndi pomwe anavulalira. Katundu anabwerera motsatana. Anayamba ndi chigubu cha malita 20 pa kaliyala, kenako ana a sukulu, kenako akuluakulu pa tala pokha, maulendo afupiafupi, m'mawa mokha. Tsiku lathunthu la ntchito analiyamba mwezi wachisanu ndi chimodzi.

Mmene alili pano

Pa miyezi isanu ndi inayi bondo likuwongoka lonse ndipo likupinda madigiri 135. Madzi mulibe, ndipo silinakodwepo chichitikireni opaleshoni. Ntchafu yamanja ikadali yochepa ndi sentimita imodzi. Akanjuta mpaka pansi amamva kukoka chakumbuyo kwa bondo, choncho mpando wa kuchimbudzi uja akuugwiritsabe ntchito, ndipo polima akumakhala ndi khasu la mpini wautali. Akunyamula anthu tsiku lonse. Pa matumba tinagwirizana limodzi lokha, ndipo akafika pamchenga kapena pamatope azitsika n'kukankha, kasitomala ayende pansi. Akuti ena amanyinyirika n'kukwera njinga za anzawo, ndipo ndalama ya tsiku yatsika poyerekeza ndi kale. Ngongole ya banki mkhonde anamaliza, koma ng'ombe ija sinabwezedwe.

Posokapo pakhoza kumasuka ngakhale patapita zaka, choncho ndawauza kuti bondo likakodwa, likakana kuwongoka, kapena likatupa masiku atatu osaphwa, asadikire ndiponso asateme mphini, abwere. Adzaonedwanso chaka chikakwana, ndipo anapempha kuti tsiku limenelo adzabwere ndi mnzawo wa pasiteji amene bondo lakumanzere lakhala likumugwira akamatsika njinga.